Galimoto Yosazima Nyale

Limbani ndi Tadala, ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndigulitse galimoto yakale yaima pakhomoyi, ndipo ine ndakhala ndikukuyankhani mokalipa. Mutu uno wa mbiri yanga ndiwo yankho lenileni. Za ubwana wanga ndi za sukulu ndazidumpha dala, munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndikulemba m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti iwe Tadala uwerenga ukutsata ndi chala. Uvutike pang'ono, nanenso ndinavutika ndi Chingerezi cha ku Liverpool.

Ntcheu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa chipatala china chaching'ono m'dera la Ntcheu, pafupi ndi msewu waukulu wa tala. Ndinaphunzira za mafupa: kuwongola othyoka, kubwezeretsa oguluka, ndi kuika chikhakha. Msewu uja ndiwo unkatipatsa ntchito. Kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira malipiro, tinkadziwiratu kuti wodi ya amuna idzaza. Zipangizo zinali za mwayi. Mabandeji a chikhakha akatha tinkadula makatoni ndi nsungwi n'kumanga ndi nsalu zochapidwa kale. Makina ojambulira mafupa ankagwira ntchito mwezi uno, mwezi winawo akudikira wokonza wochokera ku Blantyre, choncho ndinaphunzira kuona fupa ndi zala. Luso limenelo linandidyetsa mpaka ku Ulaya.

Bwana wanga anali Dokotala Nyirongo, munthu wamfupi, wosaseka pachabe, amene anaphunzira udokotala ku Sweden. Pobwerera kumudzi anzawo anabweretsa mawailesi ndi masuti, iwo anabweretsa galimoto ya kumeneko. Inali yamakona ngati bokosi la sopo, yofiirira ngati dothi la katondo, yolemera koopsa. Chodabwitsa chake n'chakuti ukangoliza injini nyale zakutsogolo zinkayaka zokha, masana dzuwa lili paliwombo, ndipo panalibe pozimitsira. Kwathu galimoto yoyatsa nyale masana ndiye kuti yanyamula maliro. Ndiye adokotala akamapita ku Balaka kukagula zinthu, abambo m'mbali mwa msewu ankavula zipewa, apanjinga ankatsika, amayi pamsika ankaleka kuitanira malonda. Iwo ankangodutsa nkhope ili gwa, ngati malirowo ndi iwo omwe.

Tsiku loyamba kundikweza ndinakhala pampando n'kupinda manja kudikira kuti tinyamuke. Sitinanyamuke. "A Makwinja, galimoto iyi sinyamuka munthu asanamange lamba," anatero. Ndinaseka. "Koma tikungofika pa positi ofesi pompa, adokotala." Anazimitsa injini n'kutsegula nyuzipepala. Ndinamanga. Panjira anandiuza kuti lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno uja, amene lero ali m'galimoto iliyonse, anayambira ku kampani yopanga galimoto zimenezi. Anamukonza ndi injiniya wina amene kale ankapanga zomangira oyendetsa ndege, ndipo eni kampani, m'malo mobisa nzeruyo kuti alemere nayo okha, analola makampani ena onse kuitengera ulere. "Anthu aja ndi ozizira ngati dziko lawo," anatero adokotala, "pabasi sakupatsa moni. Koma pa chinthu ichi anaonetsa umunthu kuposa ife opatsana monife."

Koma si mawu a adokotala amene anandisintha. Anali mayi wina wa ku Tsangano. Dzina lawo ndinaliiwala, nkhope ndimaionabe. Anakwera matola pa pikiapu ali ndi khanda la miyezi yochepa. Kunja kunkawaza mvula, ndipo dalaivala, powamvera chisoni, anasamutsira kumbuyo bambo wina amene anakhala kutsogolo n'kuti, "Mayi a mwana, khalani kuno." Anamasula mwana kumsana n'kumufukata pamiyendo, monga achitira mayi aliyense. Pa kona ina pikiapu inakumana ndi lole yofa yoima pamsewu. Sinali pa liwiro lalikulu, moti a kumbuyo ambiri anangosupuka. Mayi aja anathyoka mikono yonse iwiri, mwana anatulukira pagalasi. Ndinaika chikhakha mkono woyamba, kenako wachiwiri, ndipo nthawi yonseyo ankangobwereza mawu amodzimodzi: "Ndinamugwira, adokotala. Ndinamugwiratu." Sankanama. Mikono inathyoka chifukwa anagwiradi. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti galimoto ikaima mwadzidzidzi palibe mayi padziko pano amene manja ake angasunge mwana, ndipo nditamaliza ndinapita kuseri kwa nyumba yochapira kukalira.

Liverpool, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Amayi anu, amene ndinakumana nawo pachipatala pomwe paja ali namwino wa ku wodi ya ana, ndiwo anatibweretsa kuno. Nthawi imeneyo zipatala za boma za dziko lino zinkatenga anamwino kwathu. Anayesa mwayi, anawatenga. Ine ndinatsatira pambuyo ndi iwe Limbani, mapepala anga ali m'chikwama, ndikudzimva ndithu. Mapepalawo anawayang'ana mwaulemu n'kundibwezera. Ntchito imene ndinapeza inali yokankha odwala pa mabedi a matayala, kuchoka kuwodi kupita kojambula, kuchoka kojambula kubwerera kuwodi. Ine amene ndinkawongola ntchafu yothyoka popanda chithunzi ndinkaima pakhomo kudikira kuti andiuze kokankhira. Zinandiwawa, sindibisa. Kapitawo wathu anali mzungu wonenepa dzina lake Terry, wa Chingerezi chothamanga chotulukira m'mphuno. Miyezi yoyamba ndinkangovomera chilichonse chimene wanena, mpaka ndinapezeka ndavomera kugwira ntchito pa Khirisimasi.

Terry yemweyo ndiye anandipezera galimoto. Amayi anu anali oyembekezera iwe Tadala, ndipo kudikira basi pamphepo yochokera kumtsinje wa Mersey kunkawazunza. Nditamuuza Terry za galimoto ya Dokotala Nyirongo ija anaseka mpaka kutsokomola, akuti zimenezo ndi galimoto za aphunzitsi opuma ntchito ndi anthu oweta agalu akuluakulu. Koma anali ndi amalume ake amene maso anayamba kuwavuta ndipo ankagulitsa yawo. Tinapita Loweruka lina. Inali yaitali, yobiriwira moderako, ya buti lalikulu lokhala ndi timipando tiwiri toyang'ana kumbuyo. Mdala uja asananene mtengo anayamba wandizungulitsa galimoto yonse. Anandigwiritsa chitseko kuti ndimve kulemera kwake. Anandiuza kuti yake yoyamba ya mtundu womwewu inagundidwa ndi lole m'mbali, iye ndi mkazi wake anatuluka okha n'kukamwa tiyi. Ndinazindikira pambuyo pake kuti eni galimoto zimenezi onse ali choncho. Ena amanyadira liwiro, ife timanyadira ngozi zimene tinapulumuka ndi mitunda imene injini yayenda osatsegulidwa. Pomaliza anakatenga m'galaja mpando wa khanda umene ankanyamulira mdzukulu wake. "Uziuika choyang'ana kumbuyo," anatero. "A ku Sweden anaonera anthu opita m'mlengalenga, amene amagona chagada chombo chikamanyamuka kuti msana wonse ulandire mphamvu." Sindinamuuze za mayi a ku Tsangano. Ndinangoulandira ndi manja awiri.

Nditaliza injini nyale zinayaka, masana. Amayi anu ataona galimoto ikulowa mumsewu wathu anagwira pakamwa. "Abambo a Limbani, mwagula ya maliro?" Komabe iwe Tadala unachoka kuchipatala uli mumpando uja, ukuyang'ana kumene tikuchokera, amayi ako akudandaula njira yonse kuti khanda la dzulodzuloli lamangidwa ngati mbuzi ya panjinga. Galimotoyo inali ndi zovuta zake, ndisakunamizeni. Petulo inkamwa ngati chidakwa, ndipo kachitsulo kakang'ono kakatha, mtengo wake unkandigonetsa ndi mutu. Koma sinandisiyepo pamsewu, ngakhale m'nyengo yozizira pamene za anzanga zinkakana kudzuka.

Leeds, m'chipinda cha chikhakha

Patapita zaka zingapo tinasamukira ku Leeds, kumene amayi anu anakwezedwa pantchito. Kumeneko mwayi unandipeza. Kuchipinda choikira chikhakha kunkasowa munthu, ndipo Sisitala Margaret, mayi wa ku Yorkshire wa mawu ochepa, atandiona mmene ndinagwirira mwendo wa wodwala wina pomutsitsa pabedi, anandifunsa kumene ndinaphunzirira. Anandilembetsa maphunziro a miyezi ingapo ndipo ndinabwerera ku ntchito ya manja anga. Kuno mabandeji sankatha, chimene chinkasowa ndi anthu ndi nthawi. Nyengo yozizira, madzi akaundana m'misewu, agogo othyoka m'mikono ankadzaza mabenchi mpaka kukhonde, ndipo tinkadya titaimirira. Sisitala Margaret sankayamika munthu. Akayang'ana chikhakha chako n'kungodutsa osanena kanthu, ndiye kuti wakhoza. Ndinagwira m'chipinda chimenecho mpaka kupuma.

Ku Leeds tinapezanso mpingo wa anthu akwathu, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, opemphera muholo yobwereka. Ambiri anali atangofika kumene, opanda galimoto, choncho yanga inasanduka basi ya mpingo. Inanyamula oimba kwaya, mapoto a paukwati, matumba a ufa, mafiriji a anthu osamuka. Sindinakanepo munthu ulendo ndipo sindinalandirepo ya petulo. Lamulo langa linali limodzi, lija la adokotala, ndipo ndinkalinena ndi mawu awo omwe: galimoto iyi sinyamuka munthu asanamange lamba. Malamba akatha ndinkapita kukatula n'kubwereranso. Anthu ankadandaula, chifukwa kwathu galimoto sidzaza. Pamene pakhala atatu wachinayi amapeza malo, ndipo ana sawerengedwa n'komwe. Anandipatsa dzina loti a Trafiki. Ndinkalimva n'kumaseka nawo, poti nthawi imeneyo linali dzina la chikondi.

Mmodzi mwa okwera anga a sabata ndi sabata anali Mayi Chikaonda, mayi wamasiye wa ku Dedza amene ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, namwino, kumuthandiza kulera ana. Ndiwo ankayambitsa nyimbo kumpingo, ndipo pa zovuta zilizonse ndiwo ankafika oyamba, chitenje chili m'chiuno. Amayi anu ankawatcha amayi, ndipo ine ankanditcha mwana wanga ngakhale sanandisiye zaka zambiri. Lamba ankadana naye. "Chimandifinya pamtima chinthu chanuchi," ankatero, koma ankamanga, akung'ung'udza mpaka pakhomo pawo.

Ulendo wa ku Middlesbrough

Kenako kunagwa maliro ku Middlesbrough. Anamwalira Yohane, bambo wachinyamata wogwira ntchito yosamalira okalamba, atangodwala masiku ochepa. Yohane anali mwana wa mng'ono wawo wa Mayi Chikaonda, ndipo mayi ake atamwalira ndi iwowa amene anamulera kuyambira akukwawa. Thupi linali loti linyamuka pandege Lolemba kupita kumudzi. Mpata wokhawo woona nkhope unali Lamlungu m'mawa, kanthawi kochepa kamene eni nyumba yosungirako maliro anatipatsa. Mayi Chikaonda anali atagona pasiwa kumeneko masiku angapo, koma anabwerera ku Leeds Lachisanu chifukwa mwana wawo anamukaniza tchuthi ndipo panalibe womusiyira khanda. Kwa azungu mwana wa mng'ono wa amayi ako si mlongo wako, ndi wachibale chabe.

Tinagwirizana kukumana pabwalo loimikapo magalimoto kuholo. Amayi anu anali kuntchito. Magalimoto ena anali atanyamuka kale, yanga inali yomaliza, ndipo mpando wakutsogolo ndinasungira Mayi Chikaonda. Anafika mochedwerako, atavala zakuda, mpango kumutu, kumsana atabereka kamdzukulu ka miyezi itatu. Nditangoona kamutu kakusuzumira m'chitenje, ndinakumbukira za mpando wa khanda. Mpando wa Tadala uja tinali titaupereka kalekale kwa banja lina.

"Amayi, mpando wa mwana uli kuti?"

"Uli m'galimoto ya mayi ake, apita nayo ku shifiti ya m'mawa. Ndimufukata, mwana wanga. Tiyeni, tachedwa."

"Sindingathe, amayi."

Anandiyang'ana ngati sanamve. Abusa, amene anali atakhala kale kumbuyo, anatsitsa galasi. "A Makwinja, lero lokha. Awa ndi maliro. Muyendetse slow, Mulungu atiteteza. Apolisi akatigwira, fine tithandizana."

"Si za apolisi, abusa."

Ndinaimbira foni aliyense wa khanda amene ndinkamudziwa kuti andibwereke mpando. Ena anali kale pamsewu, ena sanayankhe. Mayi wa khandalo anali pantchito m'chipinda cha opaleshoni, foni atazimitsa. Masitolo Lamlungu amatsegula mochedwa, ndipo sitima ya tsikulo ikanafika bokosi litatsekedwa. Mayi wina wa ku Zambia, Amake Misozi, anatsika m'galimoto. "Nisiyileni mwana, mami, nizasala naye. Imwe yendani mukaone mwana wanu." Ndinaona ngati tapeza njira. Koma khandalo linali litangotuluka m'chipatala ndi chifuwa, likumwa mankhwala a nthawi yake, ndipo Mayi Chikaonda anali atalonjeza mayi ake kuti salisiya ndi munthu wina. Komanso, kunena zoona, pofika pamenepo nkhani inali itasiya kukhala ya mwana.

"A Makwinja," anatero, mawu ali pansipansi, "ana anga onse ndalera pamiyendo iyi. Yohane yemweyo ndinamulera pamiyendo iyi. Mukuti uyu ndingamugwetse?"

"Simungamugwetse, amayi. Ndikudziwa kuti mumugwira."

Ndinafuna kuwauza za mayi a ku Tsangano, koma munthu wofedwa ungamuuze bwanji za khanda lakufa, mdzukulu wake ali kumsana? Ndinayang'ana kumwamba, kunali koyera, msewu wouma. Ndinadziwa kuti mosakayika tikafika bwino. Ndinadziwanso kuti dalaivala wa pikiapu uja ankadziwa zomwezo. Ndinatseka chitseko chakutsogolo, mpando uli wopanda munthu, n'kuliza injini. Amake Misozi anakana kukweranso, anatsala nawo. Pagalasi ndinawaona Mayi Chikaonda ataima pakati pa bwalo akugwedeza mwana, osalira, osakweza dzanja. M'galimoto simunamveke nyimbo njira yonse, chinthu chosachitika paulendo wa maliro.

Tinafika bwino, tinabwerera bwino. Ndikufuna mumve zimenezi, ana anga, chifukwa anthu akamakamba nkhani zotere amakonda kuikapo ngozi kuti wokana uja aoneke wanzeru. Panalibe ngozi, ngakhale galu wodutsa msewu. Mayi Chikaonda akanakwera, akanaona nkhope ya Yohane n'kubwerera mdzukulu wawo ali bwinobwino. Sanamuonenso Yohane, ndipo amene anawaletsa ndine.

Zaka zotsatira

Palibe amene anandinyoza pamaso. Kwathu sitichita choncho, timangochepetsa moni. Lamlungu lotsatira nditaima pakhomo pa holo makiyi ali m'manja, anthu amene ndinkawatula kwa zaka anandidutsa akuti akwera basi, akufuna kuwongola miyendo. Dzina la a Trafiki linatsala koma kuseka kunachokamo. Nkhani inafika ku Liverpool, inafika ku Middlesbrough, ndipo kulikonse inkafika itakula. Ena akuti ndinawatsitsa pakati pa msewu waukulu, ena akuti ndinaopa kuti mwana adetsa mipando. Mawu amene anandilasa kwambiri anandibweretsera ndi Amake Misozi, osati mwamiseche koma mondichenjeza. Akuti kukhitchini ya holo wina ananena kuti, "Asiyeni a Makwinja, asanduka azungu. Tsiku lawo likadzafika, malamba awo omwewo adzawaimbira nyimbo."

Amayi anu ndi ine tinapita kwa Mayi Chikaonda kukapepesa, titanyamula shuga ndi nkhuku. Anatilandira, anatipangira tiyi, anafunsa za sukulu yanu. Nditayamba kufotokoza anakweza dzanja. "Zatha, Bambo Makwinja. Yohane anaikidwa." Kuyambira tsiku limenelo mawu oti mwana wanga sindinawamvenso, ndinasanduka Bambo Makwinja. Pobwerera, titafika pa maloboti a pafupi ndi kwathu, amayi anu anati, "Kaya munalakwa kaya simunalakwe, ine sindikudziwa, mwina nanenso ndikanakana. Koma abambo a Limbani, tili kutali ndi kwathu. Ife tikadzagwa, adzatigonera pasiwa ndani?" Funso limenelo linakhala nane zaka zambiri, ndipo inu okulira kuno mwina simungamve kulemera kwake. Kwathu umphawi suchititsa manyazi ngati maliro opanda anthu.

Sabata yomweyo ndinagula mpando wa khanda watsopano n'kuuika m'buti, ndipo ulimobe. Pang'onopang'ono okwera anabwerera, makamaka atsopano, osamalira okalamba amene anayamba kufika ambiri ndipo nkhani ija sankaidziwa. Koma Mayi Chikaonda sanapondenso m'galimoto yanga. Ndikawapeza pa siteji mvula ikugwa ndinkaima n'kutsitsa galasi, iwo n'kuti, "Pitani bwino, Bambo Makwinja, basi ili pafupi." Kamdzukulu kaja kanakula, kanayamba kuthamanga muholo n'kumagwetsa mipando. Ndinkakayang'ana, koma sindikanatha kunena kuti kali moyo chifukwa cha ine, poti si zoona. Ntchito ya lamba ndi yotero, zikayenda bwino palibe choonetsa. Kampani yopanga galimotozi ija nayo inadutsa m'manja mwa Aamerika n'kupita kwa Atchaina, ndipo galimoto zake zatsopano zimadzigwirira zokha mabuleki. Makaniko wanga amati yangayi malo ake ndi kosungira zinthu zakale. Ndinapuma ntchito ndikuyendabe nayo.

Leeds, zaka zitatu zapitazo

Za matenda a amayi anu simufunika kuuzidwa, munalipo. Munaliponso pamene ananena kuti tisadzawanyamule kupita ku Malawi, adzaikidwe konkuno kumene adzukulu angamabwere ndi maluwa. Chimene simunachidziwe ndi mantha amene ndinali nawo pamwamba pa chisoni. M'maganizo ndinkaona pabalaza pathu pali ife tokha, tikuyang'anizana, ndipo ndinkati mkazi amene anagonera maliro a anthu onse m'Yorkshire muno apita mwakachetechete chifukwa cha liuma langa.

Anatisiya Lachiwiri m'mawa. Tisanamalize n'komwe kuimba mafoni, belu la pakhomo linalira. Anali Mayi Chikaonda, tsopano akuyendera ndodo, chitenje m'chiuno, atabwera pabasi. Anandigwira dzanja monga mwa mwambo, "Pepani, Bambo Makwinja," n'kundidutsa. Anakulamula iwe Limbani kuti utulutse masofa, anayala nsalu pakapeti, anakhala pansi movutikira n'kuyambitsa nyimbo. Pofika madzulo nsapato zinali zitadzaza khonde mpaka pamasitepe. Anabwera a ku Liverpool, anabwera a ku Middlesbrough, ngakhale Sisitala Margaret anakhala pansi pakati pa amayi, miyendo ikumusowetsa mtendere. Mtima wanga unakhala pansi, koma ndinadziuza kuti abwera chifukwa cha amayi anu, osati ine. Ndipo sindikanawadandaula.

Tsiku loika, okonza maliro anabweretsa galimoto yaitali ya banja, ndipo inu awiri munakwera imeneyo, n'chifukwa chake izi simunazione. Ine ndinakana. Amayi anu anaitcha yangayi ya maliro tsiku loyamba kuiona, ndiye ndinati iwaperekeze. Miyendo inanditengera yokha ku chitseko cha dalaivala, koma abusa anandilanda makiyi mofatsa n'kuwapereka kwa Amake Misozi, poti wofedwa sayendetsa. Anandikhazika kumbuyo, pampando umene m'zaka zonsezo ndinali ndisanakhalepo. Injini inalira, nyale zinayaka, ndipo tsiku limenelo zinayakadi pa chifukwa chake. Ndinangokhala, manja ali pamaondo, osaona kanthu. Kenako chitseko cha mbali inayo chinatseguka, ndodo inalowa poyamba, mwini wake pambuyo. Mayi Chikaonda anakhala pambali panga, anakoka lamba wawo n'kumanga osang'ung'udza. Magalimoto akutsogolo anayamba kuyenda, Amake Misozi analowetsa giya.

"Taimani kaye, Amake Misozi," anatero Mayi Chikaonda.

Anawerama modutsa pachifuwa panga, akupuma movutikira, n'kukoka lamba wanga kuchokera paphewa. Zala zawo zinali zitapindika ndi nyamakazi, ndipo anaphonya pobayira kangapo. Sindinawathandize, manja anga anakana. Pomaliza chitsulo chinalira. Anakokanso pang'ono kuti aone ngati wagwira, monga ndinkachitira ine ndi ana.

"Galimoto iyi sinyamuka munthu asanamange lamba, mwana wanga," anatero. "Tiyeni tikawaperekeze."

Ndinalira kuchokera pakhomo mpaka kumanda, dzanja lawo lili pamkono panga.

Za Yohane sitinakambepo mpaka lero. Sindikuganiza kuti anasintha maganizo awo, ndipo nanenso sindinasinthe anga. Koma Lamlungu lililonse ndimaima pakhomo pawo nyale zikuyaka masana, iwo amatuluka ndi ndodo yawo n'kukhala kutsogolo, pampando umene ndinawasungira tsiku lija. Ayambanso kudandaula kuti chimawafinya pamtima. Ndiye iwe Limbani, munthu wako wofuna kugula uja umuuze apeze ina. Iyi ili ndi wokwera.